Makoko Onyowa

Anthu akandifunsa ntchito imene ndimagwira, ndimawayankha kuti ndimasonkha moto. Amaseka, kuyesa nthabwala, koma n'zoona. Chigayo cha bambo anga, kumudzi kwathu ku Kabudula, chimayendera utsi wa zitsononkho ndi makoko a mtedza, ndipo wosonkha moto wakewo ndine. Ntchitoyi sindinaifune ayi. Ine ndinkafuna uphunzitsi, ndipo malo ku koleji ya aphunzitsi ndinawapeza, pabedi la kumeneko ndinagonapo ndithu. Ndatopa kuyankha mwachidule anthu ofunsa kuti nanga zinatha bwanji, ndiye lero ndinene zonse.

Chigayocho bambo anagula ndi ndalama za fodya ine ndikadali wamng'ono. Injini yake ndi ya dizilo, yakalekale, yolizira handulo, ndipo masiku amenewo inkalavula utsi wakuda bii umene unadetsa malata ndi mtengo wa mango wa kuseri. Koma ndi imene inatilera. Yunifolomu, sopo, feteleza, chopereka cha kutchalitchi kumene bambo anali mkulu wa mpingo, zonsezo zinkatuluka m'kanyumba kotuwa ndi ufa kaja. Chaka chimene ndinalemba mayeso a Fomu 4, mavuto awiri anatifikira pamodzi ngati anachita kupangana. Bambo anagwa ali kudimba, ziwalo za mbali ya kumanja n'kufa, moti kuyambira pamenepo malo awo anali pakhonde, lilime lolemera, ndodo pambali. Kenaka dizilo anasowa. Achimwene anga, amene anatsala akuyendetsa chigayo, ankapalasa njinga mpaka ku Nsaru ndi chigubu, n'kubwerako nacho chopanda ndi dontho lomwe. Akamupeza kwa mavenda ankakhala wosakaniza ndi palafini, mtengo wake woboola m'thumba. Chigayo chinayamba kugona masiku ambiri kuposa amene chinkalira.

Achimwene angawo luso ali nalo m'manja, chimene alibe ndi matako okhalira pansi. Anaona anthu a bungwe lina akuonetsa ku Nsaru mmene injini ingayendere zinyalala za kumunda, anawatsatira kwa kanthawi, n'kubwera ndi migolo iwiri, mapaipi owotcherera ndi kafani kopukusa ndi dzanja, zonse pa ngolo. Anthu a m'mudzi atachiona chinthucho anangoti ndi mbaula, ndipo dzinalo linakanirira mpaka lero.

Mbaulayo imagwira ntchito chonchi. Mumgolo woyamba timathiramo zitsononkho zoduladula pamodzi ndi makoko a mtedza, n'kuyatsa moto cha m'munsi, n'kuvundikira pamwamba kuti mphepo izilowa yochepa. Moto wobanika chotero sulilima, umangofuka, ndipo utsi wake ndi woyaka. Utsiwo umayenda m'mapaipi kuti uzizire, umasefedwa mumgolo wachiwiri wodzaza utuchi ndi ziguduli, kenaka umakalowa mu injini pamene imakokera mpweya. Dizilo amafunikabe, koma wongolawitsa, moti chigubu chimene kale chinkatha dzuwa lisanalowe chinayamba kutifikitsa kutali. Utsi wakuda uja unatha. Azimayi odzagayitsa anasiya kutsokomola pamzere, ndipo makala otsalira pansi pa mgolo tinkakathira kudimba. Tsiku limene injini inalira koyamba ndi utsi wa makoko, bambo pakhonde anamenya ndodo yawo pansi mobwerezabwereza, misozi ili chuchuchu. Nanenso ndinanyada, ndisaname.

Lamulo la mbaula ndi limodzi: zothiramo ziume. Chonyowa chimaziziritsa moto, ndipo moto wozizira umabala phula, lakuda, lomata ngati ulimbo. Utuchi umaligwira kwa kanthawi, koma ukakhuta, phulalo limadutsa n'kufika mu injini. Tsiku limenelo mumagaya bwinobwino osadziwa kanthu, koma injini ikagona n'kuzizira, zam'kati zimagwirana, m'mawa handulo osatheka kuizunguza. N'chifukwa chake tisanatsegulire injini timayamba tayatsa utsiwo pa kapaipi ka pambali. Lawi likakhala labuluu, losaoneka bwino masana, ndiye kuti utsi ndi woyera. Likakhala lachikasu, muli phula, musatsegule.

Zonsezi achimwene anandiphunzitsa ndikudikira zotsatira za mayeso. "Ungondigwirirako pang'ono, mlongo, poti ukungokhala," anatero. Ine kupusa kwanga ndinaphunzira ndi mtima wonse. Mvula itangokata, munthu uja anakwera basi ya ku Joni, akuti akasake ndalama za injini yatsopano. Anatisiyira akazi awo, alamu anga, amene anawatenga ku Nambuma mwa chitengwa, ali ndi khanda kumsana. Ine anandisiyira mbaula.

Amene sanasonkhepo moto umenewu sangamvetse mmene umamangira munthu. Injini ya dizilo yekhayekha umailiza n'kukakhala pamthunzi. Mbaula silola zimenezo. Makoko amapanga phanga m'kati, pamwamba pooneka podzaza pansi pali dzenje, ndiye uyenera kumatokosa ndi chitsulo pafupipafupi, apo ayi injini imayamba kutsamwa. Uwonjezere zitsononkho, ukokolole makala, ukhetse madzi akuda a m'mapaipi, uone ngati utuchi wada. Ngakhale kuchimbudzi ndinkapita chothamanga. Ndinasiya kwaya. Maukwati a anzanga ndinkangowamvera pa zokuzira mawu ndili pa mgolo, ndipo pamaliro ndinkangoonekera m'mamawa, kupepesa, n'kuthawa, anthu n'kumandinena. Tsitsi langa linkanunkha utsi ngakhale ndilichape chotani, ndipo madzulo mutu unkandiwawa mbali zonse. Anzanga amene tinalemba nawo mayeso ankadutsa pa kabaza kukakwera minibasi ya m'tauni, n'kumandibayibitsa. Ndinkawabayibitsanso ndi dzanja lakuda, ndikuwachitira nsanje.

Loweruka lokha ndi limene ndinkazimitsa msanga, kuti ndikonzekere Sande sukulu. Ana a kutchalitchi ndinayamba kuwaphunzitsa ndili ku sekondale, pansi pa mtengo, ndi kachidutswa ka bolodi kamene bambo anandipakira utoto wakuda akadali bwino. Kumeneko ndi kumene ndinkadzimva kuti ndine munthu. Mwana akakhala kukamwa yasa, kenaka maso n'kuwala chifukwa chinthu chalowa, ine ndimamva kukoma kumene sindinakumvepo kwina kulikonse. Lolemba m'mawa ndinkabwerera ku mgolo wanga.

Kunyumbanso kunali ntchito yondidikira. Bambo ndi munthu wamtali, wa mafupa olemera, pamene amayi ndi ochepa thupi, ndiponso zala zawo zinapindika ndi nyamakazi. Kusambitsa bambo ankasambitsa amayi okha, koma kuwadzutsa pabedi, kuwafikitsa kubafa ndi kuwakhazika pakhonde zinkafuna ine, m'mawa ndisanayatse moto ndi madzulo nditazimitsa. Alamu pamenepa sakanathandiza. Kwathu mtengwa sakhudza thupi la apongozi ake aamuna, ngakhale m'maso sawayang'ana, ndipo akakumana nawo m'njira amapatuka n'kugwada. Bambo eniakewo akanalola kugona pansi tsiku lonse kusiyana n'kuti mpongozi awagwire m'khwapa.

Ndiye panali nkhondo ya makoko. Tinalengeza kuti wobwera ndi thumba la makoko kapena zitsononkho tizimuchotserako pa mtengo wogayitsira, ndipo anthu anakondwa, poti zinthu zimene ankangotaya kudzala zinapeza ntchito. Vuto ndi mmene kwathu timaswera mtedza. Mtedza wouma gwa umapweteka zala, ukauswa tsiku lonse chala chachikulu chimang'ambika. Ndiye azimayi amauwaza madzi madzulo, n'kuufunditsa ziguduli, kuti m'mawa makoko akhale ofewa, ongotsina pang'ono n'kutseguka. Alangizi a zaulimi akhala akuletsa chifukwa cha chuku, koma alangizi si amene amaswa. Makoko otero ukawayanika masana amodzi amauma pamwamba pokha, ukawalonga m'thumba chinyezi chimabwerera. Ine ndinkapisa dzanja mpaka m'chigongono n'kufinya. Ouma amalira tswaa n'kukubaya. Onyowa amangopindika ali chete, ndipo pakati pa thumba pamazizira.

Tsiku lina azakhali anga, alongo awo a bambo, anatula thumba pakhomo la chigayo. Ndinapisa dzanja, n'kupeza kuzizira.

"Azakhali, awa ndi onyowa. Kawayanikeni kaye."

"Iwe mwana iwe, kodi makoko omwe ukuchita kusankha? Ukufuna uphike ndiwo?"

"Akalowa mu mbaula aononga injini, azakhali."

"Ndayanika dzulo tsiku lonse ine. Ukuti ndikunama, eti?"

"Sindikuti mukunama. Ndikuti ndi onyowa."

Anasenza thumba lawo akulankhula okha njira yonse kuti sukulu yandipatsa mwano. Kuyambira pamenepo m'mudzi ankanditchula wapolisi wa makoko. Sindinadandaule, mwano ndili nawodi pang'ono. Amayi anga nawonso ankawaza madzi mtedza wawo, ndi zala zimene zija sakanachitira mwina, koma makoko awo ankapita kukhitchini kukasonkhera nyemba. "Anga sindikupatsa, apolisi angandimange," ankatero akuseka. Lamulo la mbaula ankalidziwa kuposa aliyense m'mudzi, poti ndinkalidandaula m'makutu mwawo tsiku ndi tsiku.

Ku koleji ndinayesa koyamba, sananditenge. Ndinayesanso, ndipo uthenga unabwera pa foni ndili pamwamba pa mgolo ndi chitsulo m'manja. Ndinakuwa moti azimayi a pamzere anayesa kuti ndapsa. Madzulo ndinagwada pakhonde n'kuwauza makolo. Bambo analimbana nawo mawu kwa kanthawi, kenaka anawatulutsa amodziamodzi.

"Pita, mwana wanga. Koma chigayo chisazime."

Amayi ankapeta mtedza. Sanatukule mutu. Anangoti, "Zabwino zimenezo," n'kupitiriza kupeta, ndipo ine chifukwa cha chimwemwe sindinamve kuti mawuwo auma.

Mawu a bambo anali omveka: ndipeze wosonkha moto, ndizipita. Wina kunalibe koma alamu. Ndiye nyengo yonse yachisanu ija ndinawapanikiza pa mgolo. Alamu ndi munthu wofatsa, wolankhula chapansipansi, koma mutu wawo ndi wakuthwa. Posakhalitsa ankadziwa kuti makoko apanga phanga pongomva kulira kwa injini, ndipo lawi loipa ankalizindikira msanga kuposa ine. Chimene chinkandidetsa nkhawa ndi mawondo awo. Wamkulu aliyense akafika ndi thumba, iwo amakhala atagwada kale, manja awiri kutsogolo.

"Alamu, pano si pa chinkhoswe. Akakhala onyowa kanani, ngakhale abwere nawo abusa."

"Koma alamu, inu!" ankatero, dzanja pakamwa.

Tinkachita kuyeserera. Ine ndinkamanga chitenje ngati azakhali, kusenza thumba lonyowa, kufika ndikulalata, mpaka tsiku lina alamu anakwanitsa kundiuza, maso ali pansi, kuti, "Pepani amayi, kawayanikeni kaye." Tinaseka mpaka kugwirana. Pofuna kuti asavutike n'komwe ndi zokana anthu, ndinayanika ndekha makoko ndi zitsononkho zambiri, n'kuunjika matumba m'kashedi mpaka kudenga, okwanira kufikira tchuthi changa choyamba. Za bambo ndinapangana ndi amayi kuti azipempha achibale a pafupi kudzathandiza kuwanyamula. Amayi anangogwedeza mutu. Ine ndinaona ngati zonse ndalongosola.

Za ku koleji sindikonda kuzikumbuka, poti zinali zabwino. Ndinafika ndi sutikesi, ndowa yatsopano ndi matiresi opinda pakati. Patangotha masiku ochepa zikhadabo zanga zinayera, ndipo ndinkangoziyang'ana m'kalasi ngati za munthu wina. Mutu unasiya kuwawa. Belu likalira ndinkadzidzimuka, kuyesa kuti ndaiwala kutokosa moto, kenaka n'kukumbuka kuti moto uli ndi mwini wake, n'kukhalanso pansi bwinobwino. Tsiku lotilandira anatiuza poyera kuti amene ati asowe m'masabata oyambawo malo ake apatsidwa kwa wina, chifukwa odikira kunja ndi ambiri. Ndinagwedeza mutu pamodzi ndi anzanga, ndikumvera chisoni anthu opusa amene angasowe.

Ndisanaloweze n'komwe mayina a anzanga onse a m'kalasi, alamu anandiimbira foni akulira.

"Alamu, injini yakana. Handulo yangoti gwa, ngakhale azibambo alephera kuizunguza."

Sindinafunse zambiri, phula ndinalidziwa pomwepo. Ndinapempha chilolezo cha Loweruka ndi Lamlungu basi. Sutikesi, ndowa ndi matiresi ndinazisiya pamalo pake, bedi ndinayala bwinobwino, n'kungotenga kachikwama kam'manja.

Ndinapeza zoopsa kuposa mmene ndinkaganizira. Utuchi unali utasanduka chibuma chakuda, mapaipi atatsekeka, phula litafika mpaka pakamwa pa injini. Makaniko amene tinamuitana ku Nsaru atatsegula kumutu kwa injini anangoimba likhweru. Azibambo aja pokakamiza handulo anali atapinda tizitsulo tina ta m'kati, ndipo tatsopano tinafunika kukagulidwa m'tauni. Iye anati za injini akonza, koma za migolo yathu yamatsengayo tione tokha. Lamlungu linadutsa ndili chogwada, ndikuwotcha mapaipi ndi kupala phula ndi waya. Ndinaimbira ku koleji kupempha masiku ena, anandipatsa. Tizitsulo tinabwera tolakwika, n'kubwezedwa. Ndinaimbanso, ndipo ulendo uno mawu a mbali inayo anali aulemu koma aafupi.

Chinkandizunguza mutu n'chakuti matumba anga a m'kashedi anali chikhalire mpaka kudenga, atangochokapo ochepa. Alamu ndikawafunsa ankangoti, "Ndalakwitsa ndine," n'kuyang'ana kumbali. Kenaka kuseri kwa mgolo ndinapeza thumba lotsala theka. Ndinapisa dzanja, kuzizira. Thumbalo linali ndi chigamba cha chitenje chofiira, chosokedwa mokhotakhota ndi zala zimene ndimazidziwa. Linali thumba la amayi anga.

Alamu anandiona ndili nalo m'manja. M'mawa mwake anati akupita ku Nambuma kukaona makolo, koma mtolo umene anamanga unali ndi mapoto omwe. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo tikudikira kabaza anayankhula osandiyang'ana.

"Anabwera nalo okha, alamu. Anati, thirani awa mayi, a m'shediwo musungire mvula. Ndinapisa dzanja monga munandiphunzitsira, ndinamva kuzizira, ndinawayang'ana. Iwo anangoima. Lawi linali lachikasu, ndinaliona ndithu, koma anati tsegulani, anthu akudikira. M'mawa mwake anabweranso ndi lina, tsiku linalo linanso."

"Bwanji simunakane? Si tinaphunzira?"

"Munandiphunzitsa kukana azakhali. Inu pano ndi panu, mukakana amangoti mwano. Ine ndine mtengwa, amuna anga kulibe. Ndikane apongozi anga pamaso pa anthu, madzulo ndikadye kuti?"

Anakonza mwana kumsana, n'kunena kuti mbaula ija sadzaikhudzanso. Achimwene nditawauza pa foni, yankho lawo linali lomwe lija, lakuti ndingogwirirako pang'ono.

Amayi ndinawapeza masana kuseri kwa khitchini, atatambalala pamphasa, lichero pamiyendo, akuswa mtedza. Ndinaponya thumba lija patsogolo pawo. Sindinagwade.

"Amayi, makoko awa munkadziwa kuti ndi onyowa?"

Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo mawu owayankha ndinali nditakonza kale. Sanakane.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munachitiranji? Mukudziwa kuti malo anga akupita?"

"Khala pansi. Usandiyankhule uli chiimire."

Ndinakhala, koma patali.

"Utangochoka, achibale ako aja anabwera m'mawa umodzi, kenaka aliyense anali ndi kumunda kwake. Ndinayesa ndekha. Bambo ako anandipulumuka pakhomo la bafa, anagwera m'matope ndi thaulo lokha. Ndinakoka, zala izi zinakana. Mlamu wako ataima uko, atabisa nkhope, akulira. Ndinathamangira kumsewu kukaimitsa anthu a kabaza, osawadziwa n'komwe, kuti adzanyamule mkulu wa mpingo ali maliseche. Tsiku limenelo bambo ako sanadye. Anangondiuza kuti, usamuuze mwana, aphunzire."

"Mukanandiimbira, amayi. Ndikanabwera."

"Ukanabwera Loweruka, Lamlungu bambo ako akanakubweza okha. Ukuwadziwa. Chifukwa cha thupi lawo sakanalola kuti ukhale pano. Koma chigayo anakuuza okha kuti chisazime."

Anatola mtedza wina, kuutsina, kuponya makoko pambali.

"Madzi ndinawaza ambiri dala. Undide ngati ukufuna. Ine ndekha sindingathe."

Ndinawada. Ndikunena mosabisa, tsiku limenelo ndinawada amayi anga, ndipo ndinadzuka n'kukakhala m'kashedi pakati pa matumba anga ouma, ndikulira mokweza ngati pamaliro. Chimene chinkandipweteka kwambiri n'chakuti ndinkawamvetsa. Akanakhala kuti anachita mwankhanza chabe, ndikanakwera minibasi tsiku lomwelo, chigayo chife, zione eni ake. Koma ndinkawaona bambo m'matope aja, ndi zala zija zikukoka, ndipo miyendo yanga inakana kupita kumsewu. Madzulo ndinapita kukawadzutsa bambo pakhonde monga mwa masiku onse. Anali atapepuka.

Injini inadzalira patapita nthawi, malo anga atapita kale. Sutikesi, ndowa ndi matiresi mnzanga wa m'chipinda anandikwezera pa minibasi, ndinakazilandira ku Nsaru n'kuzimanga panjinga. Ndowayo lero ndi imene ndimakhetseramo madzi akuda a m'mapaipi. Bambo sanandifunse chifukwa chake sindikubwerera kusukulu, inenso sindinawauze za thumba. Koma m'mawa umene injini inalira ndinatchera khutu kukhonde, ndipo ndodo sinamenye pansi.

Papita zaka tsopano. Dizilo amapezeka, amasowa, amapezekanso, chigayo chathu chimangolira. Anthu ochokera kutali amabwera kudzaona mbaula, kujambula ndi mafoni, kundiyamikira kuti mtsikana ameneyu akusamala chilengedwe, ndipo ine ndimamwetulira poti ndinaleredwa bwino. Chinthucho n'chabwinodi, sindingachinyoze. Utsi wake ndi woyera, ndipo chimadyetsa nyumba yonse ndi zinthu za kudzala. Achimwene akuti abwera chaka chamawa. Alamu anabwerera, amalima, amaphika, koma akamadutsa amalambalala pachigayo. Nthawi yolembera malo ku koleji ikafika ndimamva pa wailesi, injini ikulira, ndipo ndimatenga chitsulo n'kutokosa moto.

Amayi kuyambira tsiku lija sanawazenso madzi mtedza. Palibe anawauza. Amauswa wouma gwa, ndi zala zopindika zomwe zija, chala chachikulu atachikulunga kansanza kamene pofika madzulo kamakhala ndi magazi. Ndinawauzapo kuti asiye, makoko ndili nawo ambiri, koma samva. Thumba likadzaza amalikoka okha mpaka pakhomo la chigayo, kulitula, n'kuima pambali manja kumbuyo. Makoko awo ndi ouma kuposa a wina aliyense m'mudzi muno, amachita kulira thumba lisanamasulidwe. Ndimadziwa zimenezo. Komabe ndimamasula, n'kupisa dzanja mpaka m'chigongono, azimayi a pamzere akuona, ndipo amayi amaima pomwepo kudikira mpaka nditatulutsa dzanjalo.